Tisanyoze sikafodi: nzeru ya kumanga ili pa mfundo

Pali chinthu chimodzi chomwe tonsefe timachiona tsiku ndi tsiku koma palibe amene amachiyesa nkhani. Paliponse pamene pakumangidwa sitolo, tchalitchi kapena nyumba yosanja, kaya ndi pa Mponela, pa Madisi, pa boma pa Dowa ngakhale pa Ntchisi, mupeza mitengo ya bulugamu itaimikidwa mozungulira khoma, yokhomedwa ndi misomali, pamwamba pake atayalapo matabwa awiri kapena atatu. Amisiri amaitcha sikafodi. Pansanja imeneyi pamaima munthu, bambo wa ana, pambali pake pali ndowa ya matope ndi mulu wa njerwa. Nyumba ikatha mitengo ija amaigwetsa, yambiri itang'aluka kale, ndipo mathero ake ndi pamoto ngati nkhuni. Mawa wina akafuna kumanga, akadulitsanso ina.

Ine ndikuti pamenepa tikutaya zinthu zitatu nthawi imodzi: mitengo, ndalama ndiponso miyoyo ya anthu. Ndipo vuto lonseli lagona pa kamalo kamodzi kakang'ono, pamene mtengo wina ukumana ndi unzake. Pa mfundo.

Chichewa chathu sichinalakwitse potchula zinthu. Nsungwi ili ndi mfundo, chingwe timachimanga mfundo, ndipo munthu akayankhula zanzeru pabwalo timati wanena mfundo. Makolo athu ankadziwa kuti chinthu chimalimba kapena kugwa chifukwa cha polumikizira pake. Koma ife a makono, tikamakamba zomanga, pakamwa pathu pamangotuluka simenti, malata ndi penti. Za mfundo, zii.

Tamvani zomwe zinachitika kunja. Kale ku Mangalande nakonso sikafodi inali ya mitengo yomanga ndi zingwe, ndipo kulimba kwake kunkadalira dzanja la amene wamangayo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, abale awiri, a Daniel Palmer Jones ndi a David Henry Jones, anapanga kachitsulo kolowa m'malo mwa chingwe, komwe anakatcha Scaffixer. M'chaka cha 1913 kampani yawo inapatsidwa ntchito ya sikafodi pokonzanso Buckingham Palace, nyumba yachifumu ya ku London. Mu 1919 anatulutsa kilampu ina yotchedwa Universal Coupler, ndipo m'zaka zotsatira amisiri anasiya mitengo n'kuyamba kugwiritsa ntchito mapaipi a madzi, pa chifukwa chimodzi chokha: paipi imabwera pa muyezo umodzi. Mpaka lero paipi ya sikafodi m'maiko ambiri ndi ya mamilimita 48.3 kukula kwake, kotero kuti kilampu yogulidwa kwina imagwira paipi yogulidwa kwinanso.

Kilampuyi ntchito yake ndi yosavuta kumvetsa. Imaluma mapaipi awiri, mmisiri n'kumanga bawuti ndi sipanala. Ina imagwira mapaipi mopingasa, ina imatembenuka kuti paipi ikhale chopendekera n'kuchirikiza zinzake. Palibe kuboola, palibe kudula, palibe kukhoma. Ntchito ikatha amamasula, n'kukweza pa lole, mawa akaimika kwina. Chachikulu kuposa zonse n'chakuti mphamvu yake ndi yodziwika. Kilampu wamba yopingasa amaiwerengera kuti isenze katundu wa makilogalamu pafupifupi 600, ndipo injiniya angathe kukhala pansi ndi pensulo n'kuwerengera sikafodi yonse asanakwerepo munthu.

Tsiku lina ndinafunsa mmisiri wina kuti msomali wa mainchesi sikisi womwe anakhoma pa bulugamu wauwisi ungasenze katundu wolemera bwanji. Anangoseka, nati amaona ndi maso. Sindikumunyoza bamboyo ayi, ndi katswiri ndithu pa njerwa. Koma maso saona mng'alu womwe uli mkati mwa mtengo.

Tsono nkhani ya kilampu siinathere pa amisiri okha. Ku Italy, a Ferdinando Innocenti analembetsa kilampu yawoyawo m'zaka za m'ma 1930, ndipo mpaka lero anthu a kumeneko mapaipi a sikafodi amangowatchula dzina la bamboyo. Ndi kampani yomweyo imene pambuyo pa nkhondo yachiwiri inayamba kupanga njinga zamoto za Lambretta. Ku Germany, injiniya wina, a Max Mengeringhausen, anapanga kampira kachitsulo ka mabowo okwana 18 komangirapo mapaipi mbali zonse, ndipo njira imeneyi, yotchedwa MERO, ndi imene inathandiza kufolera maholo aakulu popanda mizati pakati.

Apa m'pamene akatswiri ojambula mapulani a nyumba, makamaka aja osaopa kuyesa zachilendo, anatsegula maso. Anadzifunsa kuti, ngati nsanja ya amisiriyi imaima m'masiku owerengeka, ndi yopepuka, ingasinthidwe komanso kusamutsidwa, bwanji nyumba yeniyeniyo isakhale chomwecho? M'zaka za m'ma 1960, a Cedric Price a ku Britain pamodzi ndi mayi wa zisudzo Joan Littlewood anajambula nyumba yotchedwa Fun Palace, yomwe inali chimango cha zitsulo chokhachokha, zipinda ndi makwerero zikusunthidwa malinga ndi zofuna za anthu tsiku limenelo. Nyumbayi siinamangidwe, koma maganizo ake anabala zipatso. Mu 1977 ku Paris anatsegula Centre Pompidou, yojambulidwa ndi a Renzo Piano ndi a Richard Rogers. Zitsulo, mapaipi ndi makwerero zonse anaziika kunja, moti mlendo angaganize kuti amisiri anaiwala kuchotsa sikafodi. Anthu anaitukwana kuti ikuoneka ngati fakitale ya mafuta, koma inasanduka imodzi mwa nyumba zokopa alendo ambiri mumzindawo, kufikira pamene anaitseka mu 2025 kuti aikonzenso. Mu 1979 a Aldo Rossi anamanga nyumba ya zisudzo ku Venice ndi mapaipi enieni a sikafodi, n'kuikuta ndi matabwa. Inali yotalika mamita pafupifupi 25, inkayandama pamadzi, ndipo mu 1980 anaikoka kuoloka nyanja mpaka ku Dubrovnik.

Mwaona? Nzeru imeneyi siinachokere m'kalasi kupita kwa amisiri. Inachokera kwa amisiri kupita m'kalasi. Ophunzira kwambiri anadzichepetsa n'kuyang'ana chomwe munthu wa ovolosi ankachita ndi sipanala yake.

Mwina wina anena kuti, izi ndi za azungu, zikutikhudza bwanji ife a ku Dowa ndi ku Ntchisi? Zikutikhudza, chifukwa chinthu chomwe anzathuwo anachitulukira ndi chitsulo ife tili nacho kale m'mudzi, kungoti timachichitira manyazi.

Taimani pa chigafa cha fodya, muchiyang'ane bwino. Mulibe khoma, mulibe simenti. Ndi mizere ya mphanda, mitanda itagona pa mphandazo, mapaso pamwamba, mikangala ya fodya italendewera mkati. Kodi chimenechi si chimango chomwe a Price ankalota ku London? Mlimi akachulukitsa fodya amangoonjezera mphanda zina kumapeto, chigafa n'kutalika. Ndipo taonani nzeru ya mphanda: mtanda umakhala pa nthambi ziwiri zomwe mtengo unamera nazo, kulemera konse kumatsika ndi mtengo mpaka pansi. Luzi ntchito yake ndi kungoletsa mtandawo kuti usasunthe. Luzilo amalimanga lili lonyowa, likamauma limakoka n'kugwira zolimba, ndipo limazungulira mtengo wonse osauvulaza. Nkhokwe ya nsungwi, thandala, tsindwi la nyumba ya udzu, zonsezi zimaima ndi mfundo zomanga. Masiku ano ena amamangira linya wa matayala, komabe nzeru yake ndi yomweyo.

Msomali ndi wosiyana. Umalowa pa kamalo kamodzi, n'kupatula mitsempha ya mtengo. Bulugamu wauwisi akamauma amang'aluka yekha, nanji wolasidwa ndi msomali kumapeto. Pa sikafodi zathu zambiri, mtanda womwe wasenza mmisiri ndi njerwa zake sukhala pa mphanda, umangolendewera m'mbali mwa mzati pa misomali iwiri. Mtengo wopendekera wochirikiza nthawi zambiri palibe, poti mwini nyumba akuti mitengo yadula. Tinasiya njira ya makolo yomwe inali ndi nzeru yake, njira ya chitsulo sitinaifikire, tsono tangoima pakati. Ndi pakati pamenepa pamene anthu akuthyokera misana.

Kenaka ganizani za mitengo. Kuchokera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, pamene alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, zigafa zinachuluka m'Dowa ndi m'Ntchisi, ndipo chigafa chilichonse chimadya mphanda ndi mitengo yomwe chiswe chimaitha m'zaka zochepa. Luzi nalo limachokera ku khungwa la mombo, kutanthauza kuti mtengo wina wavulidwa. Onjezanipo sikafodi ya nyumba iliyonse yomwe ikumangidwa m'mbali mwa msewu wa M1, ndi nkhuni zootchera njerwa. Aliyense woyenda pa msewu wa Mponela kupita ku Ntchisi, kapena wa Dowa kutsikira ku Chezi, akuona yekha momwe mapiri ayerera. Nkhalango yotetezedwa ya m'phiri la Ntchisi ndi ya ku Kongwe zatsala ngati zilumba pakati pa minda. Sindikunena kuti sikafodi ndiyo yatha mitengo, makala ndi kutsegula minda zaononga koposa. Koma mtengo wodulira sikafodi ndi umene umandiwawa kwambiri, chifukwa umagwira ntchito miyezi itatu basi, pamene ukanatha kugwira zaka.

Pali phunziro lina lomwe ife a ku Dowa tiyenera kulimvetsa kuposa wina aliyense, poti Dzaleka ili kwathu konkuno. Malo amenewa, omwe kale anali ndende, anasanduka msasa wa othawa nkhondo mu 1994, ndipo anthu anakwana oposa 50,000 pamalo oyenera anthu 10,000 kapena kupitirirapo pang'ono. Chaka chomwecho cha 1994 ndi chimene ku Rwanda kunachitika chipolowe chomwe chinathawitsa anthu miyandamiyanda. M'misasa ya m'chigawo chimenecho anthu ankapatsidwa malona, iwo n'kumadula mitengo yoimikira. Nkhalango zitayamba kutha, bungwe la UNHCR linagawa mapaipi a aluminiyamu. Anthu, poti anali pa umphawi, anagulitsa mapaipiwo n'kubwereranso kutchire. Katswiri wina wa ku Japan, a Shigeru Ban, anabwera ndi nzeru ina: mapaipi a mapepala okulungidwa molimba, olumikizidwa ndi mfundo za pulasitiki. Ndi otsika mtengo, ndipo palibe angawagule ngati zitsulo zakutha. Mu 1999 anaimika misasa 50 yoyesera ku Gihembe m'dziko la Rwanda. Mu 2014 bamboyu analandira mphotho ya Pritzker, yomwe ndi yaikulu kuposa zonse pa ntchito yojambula nyumba.

Phunziro lake ndi ili: a Ban sanayambe n'kufunsa kuti chinthu cholimba kwambiri padziko ndi chiti. Anafunsa kuti, chomwe anthuwa angathe kuchipeza ndi kuchisunga n'chiyani, nanga tichilumikize bwanji? Funso lomwelo anafunsa a Francis Kéré a ku Burkina Faso pomanga sukulu ya m'mudzi mwawo ku Gando mu 2001. Poti kunalibe makina onyamulira zitsulo zolemera, denga analiimika pa timizere ta zitsulo wamba za konkire, zowotcherera anthu a m'mudzi momwemo. Mu 2022 anakhala munthu woyamba wa mu Africa kulandira mphotho ija. Ku Mali nako, mzikiti waukulu wa dothi wa ku Djenné, womangidwa mu 1907, uli ndi mitengo yotuluka m'makoma yomwe anthu amapondapo chaka ndi chaka pomata dothi latsopano. Sikafodi ndi nyumba n'chinthu chimodzi. Azungu asanaganize za Pompidou, Aafirika anali atachita kale.

Ndisanamizire kuti zonse za makolo n'zabwino kapena kuti mtengo ungalowe paliponse. Ku Hong Kong amisiri akhala akumanga sikafodi za nsungwi pa nyumba zazitali zedi, kumanga ndi timizere ta nayiloni, ndipo luso lawo n'lodabwitsa. Koma mu November 2025 moto unabuka pa nyumba zosanja za Wang Fuk Court zomwe zinkakonzedwa, zitakutidwa ndi sikafodi ya nsungwi ndi maukonde, ndipo anthu oposa 150 anafa. Ofufuza analoza chala kwambiri maukondewo ndi zotchingira mawindo zosachedwa kuyaka. Apa tiphunzirepo kuti chipangizo chilichonse chili ndi malire ake, ndipo popanda woyendera ntchito amene sagulidwa, ngakhale luso lalikulu limapha. Nyumba ya nsanjika zisanu ku Lilongwe ifunika chitsulo, zimenezo sindikutsutsa. Koma nyumba zambiri zomwe tikumanga pa Mponela ndi pa Malomo ndi zapansi kapena za nsanjika imodzi, ndipo zimenezi n'zimene ndikunena.

Ena anena kuti mapaipi achitsulo ndi odula, amafuna ndalama zakunja zomwe dziko lino likuzisowa, ndiponso akuba sangawasiye. Zoona. N'chifukwa chake ine sindikuti tiitanitse sikafodi ya ku Ulaya m'mudzi uliwonse. Ndikuti tipange mfundo yathu. Chodula pa nkhaniyi si mtengo, ndi kuuononga. Tikanakhala ndi kilampu yopangidwa konkuno, yoti igwire mtengo wa bulugamu wouma kapena nsungwi yokhwima popanda kuuboola, mitengo yomweyo ikanamanga nyumba khumi. Nsungwi imaphukanso yokha ukaidula, imakhwima m'zaka zitatu kapena zinayi, koma imadana ndi msomali, imang'aluka nthawi yomweyo. Imafuna chomanga chozungulira, monga momwe agogo athu ankachitira. Chitsulo chochepa pa mfundo, mtengo wathu pakati: basi nkhani yake ndi imeneyo. Ndipo kilampu yomweyo ingagwire ntchito pa chigafa, pa shedi ya pamsika, ngakhale pa chisakasa cha ukwati ndi maliro.

Tsono ndiyankhule ndi inu amalonda. Mumabwereketsa mipando, matenti ndi zokuzira mawu, ndipo mukupezapo phindu. Bwanji osabwereketsa sikafodi? Mu Lilongwe ndi mu Blantyre makampani aakulu amachita zimenezi, koma mmisiri wa pa Madisi sangafikeko. Munthu amene angasunge mitengo youma bwino, ya muyezo umodzi, ndi thumba la makilampu, n'kumalipiritsa pa sabata, wapeza bizinesi yosaola ngati tomato. Inu a hadiweya, m'malo mongogulitsa misomali pa kilo, yambani kufunsa owotcherera zitsulo omwe ali kuseri kwa sitolo zanuzo kuti angakupangireni chiyani. Anyamata amene amapanga mafelemu a mawindo, ngolo ndi mageti sangalephere kachitsulo ka bawuti imodzi.

Komatu kachitsulo kameneko kasapangidwe mwachisawawa, poti pakhala moyo wa munthu. Apa m'pamene mukulowera inu ophunzira. Ku MUBAS, komwe mpaka 2021 tinkakutcha Polytechnic, kuli ophunzira za uinjiniya ndi zojambula nyumba. Chaka chilichonse mumajambula mahotela a magalasi omwe palibe adzawamange. Bwanji mmodzi wa inu asapite ku Nambuma kapena ku Nthondo, akakhale pansi ndi nkhalamba yodziwa kumanga chigafa, ayese mfundo ya luzi, ya linya, ya msomali ndi ya chitsulo, aone kuti iliyonse imagonja pa makilogalamu angati? Nambala imeneyo ndi imene tikusowa. Ikapezeka, a Malawi Bureau of Standards angathe kuika muyezo, sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA n'kumaphunzitsa, owotcherera n'kumapanga chinthu chofanana kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Mutu umodzi susenza denga. Nkhalamba ili ndi manja, inu muli ndi masamu, wamalonda ali ndi mpamba. Ndipo musadabwe mutapeza kuti mamangidwe atsopano a Chimalawi, omwe mwakhala mukuwasaka m'mabuku akunja, atulukira m'chigafa chomwecho.

Kwa aboma mawu anga ndi ochepa. Lamulo loyang'anira ntchito zomanga linakhazikitsidwa mu 1996, la chitetezo cha anthu pantchito mu 1997. Pa pepala zinthu zilipo. Koma mmisiri waganyu akagwa pa sikafodi ya sitolo ya pa tauni yaing'ono, kawirikawiri nkhani imathera pa kumupepesa ndi ndalama ya thiransipoti yopitira kuchipatala. Makhonsolo amene amavomereza mapulani a nyumba azifunsanso kuti omanga adzaima pa chiyani. Nanunso eni nyumba, musamalimbane ndi mmisiri pa mitengo iwiri yochirikiza pamene mwagula matailosi a ku South Africa. Madzi akatayika saoleka.

Alangizi a fodya ayamba kale kulimbikitsa zigafa zamoyo, zodzala mitengo m'mizere kuti ikakula ikhale mphanda zosadula. Imeneyo ndi nzeru yabwino, ndipo ikusonyeza kuti tikafuna kuganiza timatha. Chatsala ndi pamwamba pake, pamene mtanda ukumana ndi mzati. Abale awiri a ku Mangalande anayang'ana kamalo kameneko mu nthawi yawo, dziko lonse n'kusintha kamangidwe. Ife tili ndi mphanda, luzi, nsungwi, owotcherera ndi ana ophunzira. Tikudikira chiyani, kuti mzungu adzabwere kudzajambula chigafa cha ku Dowa, akachitche dzina lachingerezi, ndiye tidzachigule ndi madola?